MALAYA A SAMUELI

Ulaliki wolalikidwa pa siteshoni tsiku la Sabata lotsazika ana omka ku makoleji. Mau anawerengedwa m'buku loyamba la Samueli, mutu 1 kufikira mutu 3.



Masabata ano maina a ana osankhidwa kumka ku makoleji amveka, ndipo m'nyumba zina za mpingo uno mwalira nthungululu. Nkoyenera kutero, pakuti olemba mayeso a Fomu 4 acuruka, koma opeza malo ku koleji ali owerengeka. Koma nthungululu zikatha, ndi alendo akabalalika, mutsala kanthu kena m'nyumba kamene sikachulidwa pagulu. Mai ayang'ana mphasa ya mwana wace, nadziwa kuti posacedwa idzapindidwa ndi kuimikidwa pangodya. Atate awerenga mbuzi za m'khola ndi matumba a cimanga, ndipo tulo tawathawa. Mwanayo aseka ndi anzace usana, koma mumtima mwace aopa. Cifukwa cace tiyeni tikhale pansi lero ndi kuphunzira kwa mkazi wina wa ku Rama, amene anayenda njira yomweyi kale lomwe.

Mbiri yace muidziwa. Hana, mkazi wa Elikana, anakhala zaka zambiri wopanda mwana, ndipo Penina, mkazi mnzace, anamtonza kosaleka. Tsono anapemphera ku Silo, kumene kunali nyumba ya Mulungu masiku aja, nalonjeza kuti akalandira mwana wamwamuna adzambwezera kwa Mwini wace. Mwana anabadwa, namucha Samueli. Atamletsa kuyamwa anamka naye ku Silo, namsiya m'manja mwa Eli wansembe, kuti akulire komweko ndi kuphunzira nchito ya m'nyumba ya Mulungu. Ndipo maiyo anabwerera ku Rama ndi mbereko yopanda kanthu. Koma pa mutu 2, ndime 19, pali kanthu kakang'ono kamene owerenga ambiri akalumpha. Caka ndi caka, pokwera ku Silo kukapereka nsembe, Hana anali kusokera mwana wace malaya ndi kumtengera. Pa malaya amenewa ndifuna tiimepo.

Kutuma mwana kutali kukaphunzira sikunayambe ndi ife m'dziko lino. M'caka ca 1894 Dr Robert Laws anatsegula sukulu yaikuru pa Khondowe, ku Livingstonia, ndipo anyamata anafikako poyenda pansi masiku ambiri. M'caka ca 1909 inatsegulidwa Henry Henderson Institute ku Blantyre. Ku Nkhoma nakonso kunali sukulu yophunzitsa aphunzitsi. Sekondale yoyamba inayamba ku Blantyre m'caka ca 1940, ndipo ofuna kupitirira pamenepo anaoloka malire kumka ku Makerere, m'dziko la Uganda, kapena ku Fort Hare, ku South Africa. Yunivesite ya Malawi inayamba kuphunzitsa m'caka ca 1965. Chancellor College inasamukira ku Zomba m'caka ca 1973. Ya ku Mzuzu inalandira ophunzira oyamba m'caka ca 1999, ndi ya ku Thyolo m'caka ca 2014. Lero mwana akwera basi m'mawa nafika dzuwa lisanalowe. Njira yafupika ndithu, koma cisoni ca pa khomo sicinasinthe, ngakhale nchito ya makolo siinacepe.

I. HANA ANAPEREKA MWANA NDI MANJA ACE

Palibe anamlanda Hana mwana wace. Anamtenga yekha, namnyamula yekha, nampereka yekha. Ndiponso sanamke cimanjamanja. Anatenga ng'ombe, ufa ndi vinyo. Kupereka mwana kuli ndi mtengo wace. Inu amene munagwada m'nyumba ino kupempha kuti mwana akhoze mayeso, Mulungu wakumverani. Tsono musadabwe poona matope, pakuti walira mvula walira matope.

Cifukwa cace ndikupemphani, atate, amai ndi inu amalume eni mbumba, khalani pamodzi mwana asanacoke, muwerenge mtengo wonse poyera, mwanayo ali pomwepo. Malipiro a sukulu ndiwo mbali imodzi cabe. Ophunzira ambiri masiku ano sapeza malo m'nyumba zogona za koleji. Abwereka zipinda m'midzi yozungulira, nalipira mwezi ndi mwezi, nadziphikira okha pa mbaula. Pafunika ufa, ndiwo, makala, sopo, mapepala ndi ndalama ya ulendo. M'caka ca 2015 boma linakhazikitsa bungwe lokongoza ophunzira a m'makoleji. Koma si onse opempha alandira, ndipo cimene alandira ndi ngongole, yoti idzabwezedwe mwana akatsiriza. Mwana wodziwa zoona za nkhokwe ya kwao asamala ndalama. Koma womubisira ayesa kuti kwao kuli citsime cosaphwa.

Ndipo mutapereka, perekani ndithu. Pali makolo ena amene agulitsa mbuzi ndi dzanja lamanja, nagwira cingwe cace ndi lamanzere. Tsiku liri lonse akumbutsa mwana kuti, Tinasauka cifukwa ca iwe. Mau otere salimbitsa mtima. Amanga mtolo pamutu pa mwana kufikira aopa kukuuzani pamene zinthu zambvuta. Sitiwerenga kuti Hana anakumbutsa Samueli za ng'ombe ija. Timva kuti atapereka mwana anayamika Mulungu.

II. SILO SANALI MALO OYERA

Tisayese kuti Hana anasiya mwana wace pakati pa angelo. Ana a Eli, Hofeni ndi Pinehasi, anali anthu oipa. Anali kulanda nyama ya nsembe mwa mphamvu, ndi kugona ndi akazi otumikira pa khomo la cihema. Ndipo atate wao, pokhala nkhalamba, anawadzudzula ndi mau ofewa osawaletsa. M'nyumba yomweyo ndimo anakulira Samueli.

Comweco sindidzakunamizani kuti koleji ndiyo malo opanda ngozi. Kuli aphunzitsi anzeru ndi abwenzi abwino. Kulinso mowa, camba, ndi njuga imene masiku ano yalowa m'lamya ya m'manja, kotero kuti mnyamata akhoza kutaya ndalama ya cakudya ca mwezi wonse ali gone pa kama wace. Kuli amuna a magalimoto odikira pa cipata, odziwa bwino kuti msungwana wagona ndi njala masiku awiri. Ndipo kuli ngozi ina yosaoneka, ndiyo kusungulumwa: mwana amene kuno anali woyamba m'kalasi apeza kuti kumeneko oyamba ali mazana, nalephera mayeso nthawi yoyamba m'moyo wace, nasowa womuuza.

Kodi tsono timtsekere mwana m'nyumba? Iai. Akuru anati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Kumbukirani kuti ku Silo komweko, pakati pa zoipa zija, ndiko Mulungu anaitana Samueli ndi dzina lace. Mulungu sakhala m'mudzi mwathu mokha. Ali ku Zomba, ali ku Bunda, ali ku Mzuzu ndi ku Blantyre. Ndipo ndinena ici poyera, popeza cicitika mobisika: musamke ndi mwana usiku kwa sing'anga kukamtemera mphini, poti mumtsirike kwa anthu a njiru. A Penina alipo m'mudzi uli wonse, ndipo adzalankhula. Koma Hana sanayankhe Penina ndi mankhwala, kapena ndi matama pamene anaona mwana. Anamka nazo kwa Mulungu.

III. MUYESO WA MALAYA

Tsopano tafika pa mtima pa nkhani yathu. Amai amene musoka, tandiuzani: kodi malaya a caka cino angafanane ndi a caka catha, mwana ali kukula? Hana anali kusokera mwana amene sanamuona miyezi khumi ndi iwiri. Pogwira nsaru anayenera kulingalira kuti, Kodi tsopano wafika pati? Mapewa ace atambasuka motani? Akadasoka monga mwa msinkhu wa tsiku lija anamsiya, malaya akadathina. Cikondi cace cinayenera kukula pamodzi ndi mwanayo. Iyi ndiyo nchito yokutsalirani, makolo: kusokabe malaya, ndi kuwasoka pa muyeso wa mwana amene alikukula.

Pali malaya a mitundu iwiri amene aononga ana athu. Oyamba ndiwo othina. Mwana abwera pa cuti ali ndi ndebvu, atazolowera kudzisunga yekha ndi kufunsa mafunso. Koma atate amlankhula monga kamnyamata koweta mbuzi, namtukwana pamaso pa ang'ono ace. Akafunsa kanthu ka cikhulupiriro kamene kambvuta, ayankhidwa kuti, Sukulu yakupengetsa. Msungwana amene awerenga za malamulo kapena za mankhwala auzidwa kuti pa nkhani za banja akhale cete. Mwana wotere sakangana nanu, angoleka kubwera. Cuti cina adzati ali ndi nchito ku tauni, ndipo inu mudzati wanyada, osadziwa kuti malaya anamthina.

Aciwiri ndiwo aakuru kopambana. Mwana angolowa caka coyamba, ndipo mudzi wonse wayamba kumucha bwana. Alamu afuna feteleza, azakhali afuna malata, ndipo lamya yace ilira kosaleka. Ena afikira pakumuuza kuti agaweko ndalama ya ngongole ija, imene inayenera kumdyetsa. Mwanayo, pocita manyazi kukana, atumiza, nagona ndi njala, kapena afuna ndalama m'njira zoipa. Abale, musakolole cimanga cisanace. Wophunzira sanayambe kulandira malipiro. Ali mwana wofuna kudyetsedwa.

Nanga malaya a muyeso wabwino asokedwa ndi ciani? Ndichula ulusi unai. Woyamba ndiwo pemphero. Chulani dzina la mwanayo pa mapemphero a madzulo, kuti ang'ono ace amve kuti akali wa m'nyumba muno. Waciwiri ndiwo mau. Makolo athu anadikira kalata miyezi. Inu muli ndi lamya m'thumba. Koma lamya isakhale ya ndalama yokha. Mfunseni agona ndi yani, adya ciani, apemphera kuti, phunziro liti limbvuta. Ndipo mutafunsa, khalani cete mumve. Wacitatu ndiwo kanthu ka m'manja: kathumba ka ufa, nyemba, nsinjiro, kapena nkhuku yowamba. Musanene kuti ncocepa. Mwana pomasula mfundo imene anamanga amace adziwa kuti sanaiwalike. Wacinai ndiwo khomo lotseguka. Muuzeni asanacoke, ndi mau omveka, kuti cingakhale ciani cimgwere, alephere mayeso, acotsedwe sukulu, kapena agwe m'chimo, abwere kwao. Tamva za ana amene anadziononga okha cifukwa ca kuopa nkhope za makolo ao. Chimo tidzalidzudzula, ndipo mpingo uli nao mwambo wace. Koma mwana wamoyo wobwera ndi manyazi aposa kutari mwana wobwera m'bokosi.

IV. OTSALA PA KHOMO

Malembo atiuza kuti m'tsogolo mwace Hana anabala ana amuna atatu ndi akazi awiri. Maina ao sitiwadziwa, koma iwonso anafuna malaya. M'nyumba zambiri mwana mmodzi aphunzira cifukwa ena alima. Mkuru wace amene analekera pa Sitandade 8 ndiye aweta ng'ombe, napalira fodya amene alipira koleji. Musamuyese wopanda pace. Myamikeni pamaso pa anthu, pakuti iyenso wapereka nsembe. Ndipo cenjerani ndi coipa ici, cimene ndiciyesa cosalungama pamaso pa Mulungu: kuturutsa msungwana m'sukulu, kapena kumfulumizira ku ukwati, kuti mlongo wace aphunzire. Ngati nkhokwe yacepa, bwerani kwa akuru a mpingo tione pamodzi cocita. Pakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Kwa ena a inu, amene acoka ndiye cisiriza, ndipo mudzatsala awiriwiri monga pa ciyambi. Zaka zonsezi munalankhulana za ana okha; tsopano nyumba idzati zii. Elikana, masiku a kusabala kuja, anaona misozi ya mkazi wace, namfunsa comliritsa, nayesa kumtonthoza. Inu abambo, citani comweco. Mukaona amai akhala cete pa mtondo, kapena aphika nsima yocuruka mwa cizolowezi, musawaseke, ndiponso musathawire ku mowa. Khalani nao pa khonde. Mwana pobwera apeze atate ndi amace ali okondana. Imeneyo ndiyo mphatso yoposa ufa.

V. KWA INU AMENE MULIKUMKA

Ana anga, Hana anasoka, koma Samueli ndiye anabvala. Anali kutumikira m'nyumba yochuka koposa m'Israyeli, pamaso pa ansembe, koma sanakane cobvala cosokedwa ku mudzi. Inu mudzaphunzira mau aatari a Cingerezi, ndi nzeru zimene ife sitinazilote. Phunzirani ndi mphamvu yanu yonse, pakuti dziko lifuna asing'anga a m'cipatala, aphunzitsi, odziwa za ulimi ndi oweruza olungama. Koma tsiku lina amai anu adzafika pa cipata ca koleji atabvala citenje cofwifwa, atasenza kamtolo, osadziwa kulankhula cinenero ca anzanu. Tsiku limenelo ndilo la mayeso anu enieni. Mako ndi mako, usamuone kucepa mwendo. Thamangani mukawalandire katunduyo, ndi kuwaonetsa kwa anzanu osagwetsa nkhope.

Kumbukiraninso usiku uja Samueli anamva kuitana. Katatu anathamangira kwa Eli, poyesa kuti ndiye amuitana, pakuti anali asanadziwe mau a Mulungu. Amene anazindikira Woitanayo, namlangiza mayankhidwe ace, anali nkhalamba ya maso akhungu. Mnyamata anali ndi makutu akuthwa, koma nkhalamba inali ndi cidziwitso. Agogo anu sadziwa kugwira kompyuta, koma aika maliro ambiri, aona njala ya 2002, nadziwa mathero a njira zimene inu muona ciyambi cace cokha. Musawayese tsabola wakale.

Ndikulangizani zinthu zitatu zapafupi. Tengani kalata ya mpingo musanacoke, ndipo Sabata loyamba mukaipereke ku mpingo wa kumeneko, musanazolowere kugona m'mawa wa Sabata. Sankhani abwenzi m'mwezi woyamba mosamala, pakuti amene mudya naye ndiye mudzafanana naye. Ndipo zikakubvutani, nenani msanga. Njala, ngongole, kulephera, kapena mtima wolema, zonsezi zikula mumdima ndi kucepa zikachulidwa.

VI. KWA APHUNZITSI A M'MIDZI

Inu aphunzitsi, ana awa anayamba kugwira coko m'manja mwanu, ena pansi pa mtengo. Musayese kuti nchito yanu pa iwo yatha. Makolo ambiri sadziwa kuwerenga makalata a koleji, ngakhale kulemba mapepala opempha ngongole, ndipo nthawi yace ipitirira iwo osadziwa. Khalani maso ao. Mwana akabwera pa cuti, muitaneni alankhule ndi ana a sukulu yanu, kuti aone ndi maso kuti njira iripo. Ndipo ngati wophunzira wanu wakuposani m'maphunziro, kondwerani. Eli anamva uthenga wowawa m'kamwa mwa mnyamata amene anamlera, ndipo sanamcitire nsanje, kapena kumletsa.

MAU OTSIRIZA

Kodi malaya aja anapindula ciani? Tikawerenga pa mutu 7 tipeza Samueli ali munthu wamkuru, woweruza Israyeli yense. Caka ndi caka anali kuzungulira ku Beteli, ku Giligala ndi ku Mizipa; koma potsiriza ulendo anali kubwerera ku Rama, kumene kunali nyumba yace, namangako guwa la nsembe. Mwana amene anacoka ku Rama ali wosadziwa kanthu sanaiwale mudzi wa amace. Ndani anamphunzitsa njira ya kwao? Ndiyesa ndi malaya aja, ofika caka ndi caka.

Dziko lathu lidziwa cisoni ca machona, amene anamka ku migodi ya ku Joni ndi ku minda ya ku Harare, osabweranso, osatumiza ngakhale kalata. Tisalole kuti makoleji atibalire machona atsopano, okhala pafupi ndi thupi koma kutari ndi mtima. Sitinena kuti ana onse adzamange m'mudzi muno. Nchito idzawatengera kumene Mulungu afuna. Koma mudzi ukawafuna, pa matenda, pa maliro, pa kumanga sukulu kapena pa kuphunzitsa ang'ono ao, apezeke.

Tsono inu makolo, masulani dzanja, koma musaike singano pansi. Inu ana, mukani ndi mtendere, ndipo bvalani cimene akusokerani. Ndipo Mulungu amene anamva Hana, nasunga Samueli pakati pa ana a Eli, asunge omka ndi otsala, kufikira tidzaonananso m'nyumba ino ndi ciyamiko. Amen.